Waya Unaduka, Ntchito Yakhazikika

Amayi anga okondedwa,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino ku Khuyu, pachilumba konko. Mwendo uja ukupwetekabe? Ine kuno ku Lilongwe ndili bwino, kungoti chimfine sichindichoka, poti chipinda cha makina athu amachiziziritsa usana ndi usiku.

Achimwene a Allan akuti azimayi akutchalitchi akakufunsani za ntchito yanga mumangoti ndimalumikiza mawaya. Simunama, koma ndikuuzeni pang'ono. Uthenga woyenda pa intaneti umadulidwa m'timaphukusi. Makina oyamba amawerenga keyala ya kaphukusi kalikonse n'kukamata nambala. Makina otsatira, omwe timawatcha maswitchi, savutikanso ndi keyala. Amangoona nambalayo, n'kuichotsa, n'kumata ina, kaphukusi n'kupitirira. Omaliza amachotseratu nambala n'kupereka uthenga kwa mwiniwake. Ine ndi amene ndimauza makinawo kuti nambala yakuti izidzera kwakuti.

Mwezi watha abwana anga, Mayi Marian, anandipatsa ntchito yokonzera zipatala zakumpoto njira yachiwiri, yoti uthenga uzithawirako waya ukaduka. Ndinaigwira mtima uli m'mwamba, poti ndinali ndikadali pa miyezi yoyesedwa. Ndiye sabata yatha okonza msewu anadula waya wathu ndi katapila. Mafoni atayamba kulira mu ofesi, makasitomala akudandaula, ndinathamangira pakompyuta yanga. Koma makina anayamba okha kumata nambala za njira yachiwiri ija. Chipatala china chinali mkati motumiza zithunzi za wodwala kwa madokotala akuno, ndipo sichinadziwe n'komwe kuti kwachitika kanthu.

Mayi Marian sayamikira munthu mwachisawawa. Anaima kumbuyo kwanga nthawi yaitali akuyang'ana pakompyuta, kenako anangoti, "Triza, ntchito ndi yako tsopano." Ndinakalirira kubafa, amayi, kuopa kusekedwa.

Pempho langa nali. Kumapeto kwa mwezi uno anditumiza ku Nkhata Bay kukaika switchi yatsopano. Chonde mukwere sitima ndi Sophie tikakumane kumeneko. Ndamva kuti nsapato ndinamutumizira zija sizinamulowe n'komwe, ndiye ndazindikira kuti mwana wanga ndimamukumbukira wamng'ono kuposa mmene alili. Ndapeza nyumba ya zipinda ziwiri pafupi ndi sukulu, ndipo ndikulakalaka chaka chamawa adzaphunzire kuno. Ndikudziwa kuti mwamulera ndinu kuyambira akukwawa, ndiponso kuti ndi iye amene amakuperekezani kutchalitchi ku Chipyela Lamulungu. Sindinamuuze kanthu, ndipo sindimutenga musanalole. Tikakambirane tikuonana nkhope.

Mundiperekere moni kwa azakhali a ku Yofu, achimwene ndi alamu anga, ndi amalume a Bauleni. Sophie mumukumbatire m'malo mwanga mpaka ndidzamugwire ndekha.

Mulungu akusungeni.

Ndine mwana wanu,
Triza