Mphindi Zitatu za Malume Barkat

2 Ramazani
Nsanjika ya 148. Mphepo, ludzu. Pansipo nyanja yonse ija, osamweka. Ndafunsanso malume Barkat za mwana wawo Nighat. Yankho lomwe lija: "Tanveer, mwana wanga sakwatiwa ndi munthu womwa madzi masana m'mwezi wosala kudya." Botolo limodzi lokha, chaka chatha, kuseri kwa matumba a simenti! Amayi kwathu ku Sialkot akuti wogulitsa nsalu wina wayamba kuzungulirazungulira pakhomo pa malume. Pa Idi, kusala kukatha, malume asankha. Mtima uli m'mwamba kuposa nyumba tikumangayi.

6 Ramazani
Malume amamasulira kusala kwawo kuseri kwa khoma la chikepe chotikweza kuno, kuthawa mphepo. Azana yoitanira ku mapemphero ikangomveka pa wailesi kuchokera pansi, chipatso cha tende m'kamwa. Lero ndachedwa pa zitsulo za kumadzulo. Azana kulira, ine kutukula maso: dzuwa lili psuu pamwamba pa madzi! Pansi lalowa, kuno ayi. Mphindi zitatu zathunthu. Ndaseka mpaka chipewa kupendekeka.

7 Ramazani
Ndafunsa shehe wa kumzikiti, kunamizira kuti ndi "za mnzanga wina". Akuti woliona dzuwa asadye, ndipo wodya abweze tsikulo. Ha! Malume, munthu wosala zaka makumi atatu osaphonya tsiku! Sindiulula msanga. Masikuwo ayambe aunjikana.

12 Ramazani
Nsanjika ya 150. Ulaliki wina wa malume wa botolo lija. Ine mutu pansi, kuwerenga masiku pa zala.

15 Ramazani
Atangomeza tende ndawagwira dzanja: "Malume, tabwerani muone sitima." Tazungulira khoma. Dzuwa ilo, lofiira, silikufulumira n'komwe.
Ndimayembekeza kukalipa. Ayi. Angokhala pansi pa chitsulo, nthanga ya tende ili m'kamwa, misozi mbwe. Nkhalamba yonyamula zitsulo chikhalirecho ili ndi njala. Kuseka konse kwandithera.
"Unadziwa liti?"
Bodza linali pafupi: lero lomwe. Ndanena kuti pa 6 Ramazani.

21 Ramazani
Malume sakundilankhula. M'chikepe amayang'ana nsapato zawo. Tsopano onse akumwamba akudikira dzuwa, akunditukwana chifukwa cha mphindi zitatuzo. Nighat ndamutaya ndi manja anga. Zikundiwawa.

3 Shawali
Idi yatha, anzathu akudya masana, kunyambita zala pamaso panga. Ine ayi.
Dzana malume anaimbira kumudzi ndili pompo. "Wansaluyo mumuuze aiwale. Uyu ndi mthirakuwiri, koma ukamufunsa sanama." Ndinafuna kulumpha, ndinakumbuka kuti tili pa nsanjika ya 154.
Kenaka anatembenuka: "Masiku khumi ndi asanu ndibweza. Asanu ndi anayi unandibisirawo tisala limodzi, mkamwini. Woyang'ana dzuwa ndiwe."
Botolo langa ali nalo m'thumba mwawo. Ndipo nyumbayi ikukwerabe. Lero mphindi zinayi.