Akuti ndisankhe: ukwati kapena miyala yozizira

Aphungu,

Ndine mtsikana wa zaka 27, ndimaphunzitsa fizikisi pa sekondale ina kuno ku Ntchisi. Ndapeza mwayi wokachita kafukufuku kunja kwa zaka zinayi. Pali timiyala tina topangidwa mu labu, tokhala ndi chitsulo, timene tikazizira koopsa magetsi amadutsamo osatayika ngakhale pang'ono. Chodabwitsa n'chakuti chitsulo ndi cha maginito, ndipo maginito amayenera kuwononga khalidweli, koma apa sizitero. Ndiponso maelekitironi, tinthu tonyamula magetsi, amayamba kufola mbali imodzi. Chifukwa chake akatswiri akukanganabe, ndipo ine ndikufuna ndikalowe nawo mkanganowo.

Vuto ndi bwenzi langa Enoki. Chinkhoswe chinachitika kale, ukwati ndi wa mu Ogasiti. Nditamuonetsa kalata yondiitana anati, "Usankhe, ine kapena miyala yakoyo." Amalume anga a Abrahamu anawonjezera pamaso pa abale kuti, "Kwanu kulibe ndi babu lomwe, kuziziritsa chitsuloko kuthandiza ndani?" Ndinayankha kuti, "Amalume, amene anapanga babu sanayambe wafunsa ngati kuno kuli mapolo a magetsi." Kuchokera tsiku limenelo mayi anga sakundilankhula.

Ndikupita basi, pasipoti ndatenga kale. Koma Enoki ndimamukonda. Nditani?

W.K., Ntchisi

W.K.,

Zopita mwaganiza kale, ndipo ine sindikubwezani. Pitani.

Koma kapepeseni kwa amalume, osati za ulendowo ayi, za kayankhidwe. Munawayankha ngati mukuyankha mwana wa Fomu 2, chonsecho funso lawo ndi lomveka. Auzeni zoona: mwina kafukufukuyu sadzayatsa babu kwanu iwo ali moyo, komabe ndi ntchito imene mutu wanu ukuitha. Kwa mayi mupite nokha, mukamve. Mwina chikuwapweteka si sukulu, koma zaka zinayi osakuonani.

Za Enoki, itanani ankhoswe a mbali zonse, ndipo mumufunse maso ndi maso chimene akuopa. Ngati ndi kudikira, mankhwala alipo: kusuntha tsiku, kubwera pa holide. Ngati ndi mkazi womuposa sukulu, pamenepo mankhwala ndilibe.

Chenjerani, musathamangire ukwati kuti mutseke anthu pakamwa musanakwere ndege. Mwamuna amene akukuuzani kuti musankhe lero adzakuuzaninso mutabereka, ndipo nthawi imeneyo kusankha kudzawawa koposa.