Kamtengo ka Medson ku Brampton

Okondedwa achemwali a Bertha,

Moni nonse ku Dedzako. Ine kuno ku Brampton, kutsidya kwa nyanja, ndili bwino, kungoti kuzizira.

Amene anayamba kundiuza za ntchito ya mwana wanu Medson ndi mkazi wake Alice, yemwenso akundilembera kalatayi. Akuti kampani yawo inayambira m'kashedi, anthu ochepa akukonza mawailesi. Lero akupanga zitsulo za satelayiti, makina aja amawaponya kumwamba kuti mawu a telefoni aziwoloka nyanja. Amavala zoyera ngati anamwino, poti kafumbi kakangogwerapo, ntchito yonse yawonongeka!

Dzulo tikudya ndinamufunsa Medson, "Nanga makinawo akatopa kumwambako, amabwerera?"

"Ayi malume, akapita apita."

"Iwe sindiwe chitsulo," ndinatero. "Amayi ako akukusungira malo omangapo nyumba." Anangoseka.

Musadandaule achemwali, munatuma munthu wodziwa kulankhula. Mwanayu ndibwera naye ndithu.

Kungoti m'mawa uno ndamupeza kuseri kwa nyumba akubzala kamtengo ka maapozi, kolekeza m'mawondo. Alice akuti kamayamba kubereka pakatha zaka zisanu.

Ndine mlongo wanu,
Yotamu