Fungo la Hatchi ndi Alendo a Saroj

Lolemba, 4 Novembala
Lamulungu a Badrilal akubwera ndi mwana wawo wamwamuna kudzaona mwana wanga wamkazi Saroj. Akakhutira, ukwati ulipo. Mtima wanga ukungothamanga. Asing'anga a Trivedi andipatsa ufa wa muzu wa ashwagandha, kasupuni kamodzi mumkaka wotentha. Ndawafunsa tanthauzo la dzinalo, paja ine sindimeza chinthu chosachidziwa. Akuti m'Chisanskiriti, chilankhulo cha makolo athu kuno ku India, ndi "fungo la hatchi." Ndikanadziwa sindikanafunsa.

Lachiwiri, 5 Novembala
Ndamwa. Ndadzinunkhiza m'khwapa, kumanja ndi kumanzere komwe. Kanthu kakumveka. Ndamufunsa mkazi wanga Kesar. Akuti, "Bambo a Saroj, fungo kulibe, koma mayendedwe okha asintha. Tikugulireni chishalo?" Zibwana.

Lachinayi, 7 Novembala
Ndinapita kwa Ramzan, amene amabwereketsa hatchi yoyera yokwera akwati, kuti ndikayerekeze bwinobwino. Kununkhiza hatchi, kununkhiza malaya, hatchinso. Ramzan: "Achimwene, mukufuna kuibwereka kapena kuifunsira?" Choipa kwambiri: hatchiyo inadzapukuta mphuno paphewa panga ngati yaona mbale wake.

Lachisanu, 8 Novembala
Ndaleka mankhwala. Mtima wayambiranso. Masana ndapeza kamtolo ka udzu m'mbale mwanga pambali pa chapati. Kesar nkhope gwa, ngati si iye. Saroj yekha sanaseke. "Ababa, chonde Lamulungu musakachite zachilendo." Mtima wake uli pa mnyamatayo ndithu. Ndamwanso, kasupuni kosadzaza.

Loweruka, 9 Novembala
Ndagula botolo la mafuta onunkhira a maluwa. Palibe akudziwa.

Lamulungu, 10 Novembala
Ndinadzithira theka la botolo, ndi m'ndevu momwe. A Badrilal atangokhala pansi, kuyetsemula kosalekeza, misozi chuchuchu, tiyi kutayikira pamalaya awo oyera a kurta. "Akulu, mukubisa chiyani m'nyumba muno? Mwafa mbuzi?" Mnyamata maso pansi. Saroj ali chilili ndi thireyi, akundiyang'ana.

Ndinangonena zonse: mtima, muzu, dzina lake, mpaka za kwa Ramzan. Ndinati basi, ndamuphera mwana ukwati.

A Badrilal anapukuta maso, n'kupisa m'thumba. Kapepala kopindapinda, ufa womwe uja! "Ine ndinayamba tsiku lomwe uyu ananena kuti akufuna mkazi. Amayi ake amandiitana ndi mluzu masiku ano." Kenaka kwa Kesar: "Asewere, chotsani tiyiyu. Mkaka wotentha makapu awiri, kenaka tiitane wansembe atisankhire tsiku."

Asewere! Saroj anathawira kukhitchini.

Kesar anaima pakhomo, nsalu atakokera kumaso mwaulemu wonse. "Nanga udzu, bambo a Saroj, nawonso mitolo iwiri?"