Mamba a nsomba pa chilonda cha a Bartolomeyo

Lolemba, 2 Ogasiti 1926

Nkholongue. Chipatala chake ndi kanyumba ka udzu, bokosi limodzi la mankhwala, mphika wophikira mabandeji. A Zakariya, amene ayenera kundiphunzitsa, agona ndi chifuwa kwawo ku Chiwanga. Ndili ndekha. Adokotala abwera ndi sitima ya mishoni pa 6 Sepitembala kudzaona ntchito yanga. Akakondwa ndipitiriza maphunziro. Akapanda kukondwa, basi, kukapalasa bwato la amalume. Lero zilonda khumi ndi zinayi. Ntchentche mpaka m'kamwa. Chakudya chakanika.

Lachitatu, 4 Ogasiti

Choipa kuposa zonse n'cha a Bartolomeyo, msodzi. Pamsongolo wakumanzere, kukula ngati chikhatho. Mafinya obiriwira. Ndinathawira kuseri kukasanza. Pobwera ndawapeza akuseka, ati wodwala ndine, andipatse mpando. Ndatsuka ndi madzi a mankhwala a pamanganeti, ndamanga. Manja ndasamba kanayi, fungo lilipobe.

Lachitatu, 11 Ogasiti

Enawo akupola. A Bartolomeyo ayi. Loweruka mnofu unali wofiira bwino, lero wada, ukununkha ngati pothira matumbo a nsomba. Ndalakwitsa pati? Kapena mankhwala ndikuchulutsa madzi. Kapena mabandeji sindikuphika mokwanira. Ndawerenganso kabuku kanga katatu. Mawu ena achizungu sindiwamva, mwina cholakwa chili pomwepo. Chikafika pafupa adzawadula mwendo, ndipo onse adzati wolakwa ndi ine Barnaba.

Loweruka, 14 Ogasiti

Mfundo ya pabandeji ya a Bartolomeyo si yanga. Ine ndimamanga monga anandiphunzitsira adona a kuchipatala, mfundo yogona. Iyi ndi mfundo yosokera khoka. Nditamasula, m'chilonda mamba atatu a nsomba. Ndawachotsa ndi kapani, ndawaika patsamba, ndawaonetsa. Mwini wake maso kudenga.

Masabata awiri ndikudzitukwana ndekha. Kugwada m'mafinya awo m'mawa uliwonse, iwo n'kumapita kukaoletsa dala. Munthu wobatizidwa, woimba m'kwaya. Nyansi.

Lolemba, 16 Ogasiti

A Bartolomeyo sanabwere. Ndapita kwawo. Mai Yuniya, akazi awo, anali kuyanika usipa pathandala, ndipo sanabise. Ndi iwo amathira matumbo a nsomba, kenaka amuna awo n'kumanganso. Ati asipayi, apolisi a Kampani ya Apwitikizi, akubwera mwezi ukaoneka kudzagwira amuna onyamula katundu, ulendo wochokera ku Metangula mpaka kunyanja ya mchere. Wachilonda chonunkha amamusiya. Mlongo wawo Timoteo anamutenga chaka chatha ali ndi miyendo yabwino, mpaka lero ngakhale nsalu yake sinabwere. Mai Yuniya ndi a Bartolomeyo ali ndi ana anayi.

Ndinawauza za fupa ndi za sowo ya adokotala. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi. "Wa mwendo umodzi amadya pakhomo pano, achimwene. Wa miyendo iwiri ndikamuona kuti?"

Komabe fungo lija. Ndi ana akudyera pomwepo.

Lachiwiri, 17 Ogasiti

Mutu kuwawa. Ndikachiza, ndawapereka kwa asipayi. Ndikasiya, mwendo wapita, maphunziro anganso apita. Kabuku sikanena kanthu za izi.

Ndapangana nawo. Aleke kugwira chilonda, za asipayi andisiyire ine. Ndinanena ngati munthu wodziwa chochita. Sindikudziwa.

Loweruka, 28 Ogasiti

Chikupola. Chatsala ngati dzira la nkhuku, m'mbali khungu latsopano. Ntchito yabwino kuposa zonse ndagwira, koma ndikachiona ndimakumbuka asipayi. A Bartolomeyo aleka nthabwala. Dzulo anayiwala n'kuthamangira mbuzi, mai Yuniya anawagenda ndi chikuni kuti atsimphine. Mwera ukuomba, mchenga m'mabandeji onse, kuphikanso.

Lachisanu, 3 Sepitembala

Afika. Asipayi atatu, wamkulu wawo Cassimo, chingwe paphewa. Atayamba kumtunda kwa mudzi, ndinakokera a Bartolomeyo m'kanyumba. Pachilonda thonje loyera, bandeji yoyera, pamwamba tsamba la nthochi. Kenaka matumbo a kampango a masiku atatu, mai Yuniya anabwera nawo m'chigoba, mphutsi zili yakaliyakali. Ndinatapa ndi dzanja langa, ndinapaka patsambapo, ndi kukulunga bandeji yakale. Dzanja lomwe ndimasamba kanayi.

Cassimo anati ndimasule aone. Ndinamasula kuzungulira kumodzi, kuwiri. Mphutsi inagwera paphazi pake. Analavula, anatukwana m'Chipwitikizi, anatuluka atagwira mphuno. Kuzungulira kwachitatu akanaona tsamba.

Atenga amuna asanu. Awiri ndi amene ndinawachiza mwezi watha, ndipo ndinawalemba m'buku monyada kuti apola. Cassimo ati asanu sakwana, abweranso Lachiwiri.

Lasabata, 5 Sepitembala

Kutchalitchi ndinakhala kumbuyo. Kodi ndi bodza ngati pakamwa sindinanene kanthu? Pansi pa zikhadabo pakununkhabe. Ndapala ndi mchenga mpaka magazi. Mawa adokotala. A Bartolomeyo ndiwamanga zoyera, ndiwaonetsa chilonda chopola, zinazo n'kukhala chete. Ndawapempha asauze munthu. Alumbira.

Lolemba, 6 Sepitembala

Alumbira chiyani. M'mawa pakhomo amuna asanu ndi awiri, akhala pamzere, miyendo yosalala yotambasula. Aliyense tsamba la nthochi m'manja ndi chigoba chake. Mfaume, mphunzitsi wa katekisimu, nayenso ali pomwepo. Fungo lafika mpaka kugombe. Ndawathamangitsa, sanasunthe. Mabandeji oyera ndili nawo asanu ndi atatu, ndi omwe adokotala adzawerenge.

Sitima yalira. Bwato latsika kale, ndikuona chipewa choyera cha adokotala. Ndang'amba pakati bandeji yoyamba, ikwana anthu awiri. Mfaume wayandikiza mwendo wake.