Ngamira Amazimanga Pakamwa

Okondedwa Malume,

Ndikhulupirira nonse muli bwino ku Ntcheuko. Kuno ku South Bend, ku America, kwazizira, koma tikudzuka.

Bambo a Tiffany abwerako ku Turkey komwe anapita ndi akuntchito. Kumeneko anakaonera mwambo wamakolo womenyanitsa ngamira zamphongo, umene alendo amakhamukirako chaka chilichonse. Akuti kale ankayamba adutsitsa yaikazi pamaso pa ziwirizo kuti zipse mtima. Anajambula pafoni, ndipo amangoonera mobwerezabwereza, osaseka.

Lamlungu tikuchokera kwa anzathu ku Indianapolis, anaimika galimoto m'mbali mwa msewu n'kundionetsa kanema wa ngamirayo. Ngamirazo zinali thovu lokhalokha kukamwa. Anati, "Mayi a Tiffany, yolakwa apa ndi iti, zamphongozi kapena yaikazi ija?" Kenako anafunsa ngati a Lyson, anzanga akuchipatala, amandidropabe kunyumba ndikaweruka.

Loweruka lino awaitana a Lysonwo kudzadya kwathu. Akuti aphika okha.

Malume, ngamira zija amazimanga pakamwa kuti zisalumane. Kuno womanga palibe. Ankhoswe athu ndinu, chonde foni yanu isazime Loweruka.

Ndine mbumba yanu,
Chrissie