Zala Zinayi Pamwamba pa Tayala

Lolemba, 4 Malichi

Masiku khumi ndi awiri chimwalirire mkazi wanga Mbarka. Alendo atha. Mipando yobwereka yabwezedwa.

Ndilembe tsiku lathu lomaliza labwinobwino ndisanaliiwale. Linali Lachiwiri. Tinkachokera kuchipatala ku Medenine, iye kumpando wakutsogolo, kapilo kake kobiriwira kumsana. Khansa inali italowa kale m'mafupa. Pa dzenje lililonse galimoto inkanjanja ngati ngolo, iye n'kugwiritsa chitseko. Titafika pamsika anati ndiime tigule ufa watirigu. Matumba awiri akuluakulu, chonsecho m'nyumba tili awiri! Anati, "Muwasiye mubuti momwemo bambo, akulakwirani chiyani?" Ndinaseka. Kunyumba ndinawatsitsa, chifukwa mubutimo munkanunkha petulo. Anaphika mazira a tomato ndi tsabola, anadya pang'ono. Anandinena kuti ndimasenda anyezi ngati ndikumeta nkhosa. Basi. Loweruka lake sanathenso kudzuka.

Lachinayi, 7 Malichi

Lotfi, mlongo wake wa Mbarka, wabwera kudzabwereka galimoto monga amachitira Lachinayi lililonse. Akuti kumunda wa maolivi. Ndam'patsa makiyi.

Munthu wabwino. Pamaliro ndiye anatsikira nane m'manda. Chaka chatha, matenda atakula, anaitenga yekha Pijo yangayi kukaikonzetsa. Anati, "Alamu, ndikakuikirani mashoko ofewa, achemwali aziyenda ngati ali pamatilesi." Inabwerako kumbuyo kutakwera, youma gwa. Anati atsopano amatero, afewa okha. Ine wa kupositi, za magalimoto ndizidziwira kuti? Ndinathokoza.

Loweruka, 9 Malichi

Tayala linaphwa. Ndinapita kugalaja ya a Sassi, koyamba patatha chaka.

Tayalalo sanaliyang'ane n'komwe. Anazungulira galimoto, n'kulowetsa dzanja pakati pa tayala lakumbuyo ndi chitsulo cha pamwamba pake. Anati, "Pijo ngati iyi pamalowa zala zinayi. Yanuyi ndikulowetsa mkono wonse." Anatsamira pabuti ndi thupi lawo lonse lija. Siinagwedere. Kenako kuseka: "A Mokhtar, ndi imvi zonsezi nanunso mwayamba za kumalire? Muziswali kawirikawiri kumzikiti, Mulungu akutetezeni!"

Sindinamvetse. Anaikweza pa jeke n'kundionetsa. Masipiring'i a galimoto yonyamula katundu. Mashoko olimba. Zitsulo zokwezera pansi pake. Akuti umu ndi mmene amachitira ozembetsa petulo wa ku Libya: ukadzaza zigubu, galimoto imatsika n'kukhala bwinobwino ngati yopanda kanthu, apolisi pamsewu osaikayikira. Ikakhala yopanda kanthu zenizeni, imaponda ngati bulu. Anati, "Umu simungakwezemo wodwala." Atatero anakumbukira za Mbarka. Anavula chipewa. Kenako anamata tayala.

Miyezi isanu ndi itatu. Kawiri pa sabata, kuchipatala. Makilomita makumi asanu ndi atatu kupita, enanso pobwera. Woyendetsa ndinali ine.

Lachisanu, 15 Malichi

Ndinamudikira Lotfi panja pa mzikiti. Ndinangonena kuti ndinali kwa a Sassi.

Sanakane. Maso pansi. Anati, "Ana asanu, alamu, ntchito kulibe. Yanga ija apolisi analanda. Yanuyi ndi ya munthu wolemekezeka, saiimitsa." Ndinafunsa za msana wa mlongo wake. Apo ndiye anadzutsa mutu. "Achemwali ankadziwa. Anandigwira mwezi woyamba womwe. Ndi iwo anati ndisakuuzeni, mungandichotse pakhomo."

Ndinafuna kunena kuti akunama. Koma matumba aja. Awiri, akuluakulu. Muwasiye mubuti momwemo.

Ndabwera wapansi. Sindinadye.

Lamlungu, 24 Malichi

Palibe cholemba. Ndakhala ndikumukwiyira munthu amene ali m'manda. Mulungu andikhululukire.

Ulendo uliwonse ndinkafunsa, zikupweteka? Iye, "Ayi, yendetsani." Zaka makumi atatu ndi chimodzi ndinkati palibe chimene amandibisira. Anasankha mlongo wake, ululu n'kusenza yekha, ine n'kundisiya ndikuthokoza ngati chitsiru. Akanangonena mawu amodzi. Ngakhale kungondiuza chifukwa cha matumba aja.

Kapena anandiuza, ine osamva.

Lachinayi Lotfi anagogoda kawiri. Sindinatsegule. A Sassi atumiza uthenga kuti ndipite nayo akaitsitse, ntchito ya tsiku limodzi, ibwerere mwakale. Sindinapite. Ifewere ndani?

Zinthu zake zili mmene anazisiyira. Mpango pa msomali. Nsapato pakhomo la bafa, imodzi yogadama.

Lachiwiri, 2 Epulo

Arubaini, mapemphero a tsiku la makumi anayi, inachitika dzulo. Lotfi anabwera, anakhala kumapeto. Ndinam'patsa moni wa dzanja chifukwa cha anthu.

Azimayi apachibale anati katundu wa malemu asagonenso m'nyumba, ndikapereke kwa azakhali ake ku Medenine akagawe kwa osowa. Ndalongedza m'mawa ndekha. Makina osokera ndi miyendo yake yachitsulo. Bokosi lake laukwati. Mabulangete aubweya asanu ndi limodzi amene analuka mayi ake. Miphika yamkuwa. Kamphero kamwala. Ufa uja, thumba limodzi losatsegula n'komwe. Buti ladzaza, mpando wakumbuyo nawonso.

Potseka ndinaona kuti galimoto yatsika. Ndinalowetsa dzanja pamwamba pa tayala. Zala zinayi.

Ndinanyamuka. Podutsa pa maenje aja a pafupi ndi sitolo ya simenti, pamene Mbarka ankatsinzina nthawi zonse, ndinadzikunga kudikira kugunda. Palibe. Inangoviika pang'ono n'kudzuka, mofewa, ngati munthu akukhala pamatilesi. Dzenje lachiwiri chimodzimodzi. Msewu wonse.

Ndinaima pambali pa makilomita makumi atatu. Sindikudziwa ndinakhala nthawi yaitali bwanji. Munthu wina wa lole anaima kufunsa ngati yawonongeka. Ndinati ayi, ili bwino kwambiri.

Ku Medenine sindinafike. Ndabwerera. Sindinatsitse kanthu, ndipo sinditsitsa. Kapilo kobiriwira ndakabwezera pampando wake. A Sassi ndawauza kuti asaikhudze.

Mkucha ndi Lachinayi. Lotfi akagogoda nditsegula. Ndipita naye kugalimoto, ndim'tsegulire buti aone yekha. Malo a zigubu mulibe.